Mitundu ya filimu siyoikira kumapeto ayi

Ndatopa nawo mawu akuti "tijambule kaye, za mitundu tikakonza pa kompyuta". Abale anga opanga makanema kuno ku Harare, mtundu (kufiira, kubiriwira ndi zina zotero) umayambira pamalo ojambulira, pa zovala, pa khoma, pa nyali imene mwayatsa. Ife a grading, amene timakonza mitundu ya filimu pa kompyuta, timangokometsa zomwe mwabweretsa, zimene kamera sinagwire sitingazilenge.

Kuwala kwa masana kumakhala cha m'ma 5600K (K ndi muyeso wa mtundu wa kuwala), kwa mababu akale achikasu aja 3200K, ndiye magetsi akathima inu mumangotola timaLED totchipa tobiriwiritsa nkhope n'kusakaniza ndi kuwala kwa pawindo, mapeto ake tsaya lina buluu lina lobiriwira, kenako muzidabwa kuti bwanji anthu sakukhudzidwa.

Imene imandipwetekabe mtima ndi ya mnyamata wina amene anajambula kafilimu ka maliro ku Mufakose, dera lina la mu Harare muno. Nkhani yabwino zedi. Kanayamba ndi nsalu yofiira yomangirira pageti, ndipo aliyense wokhala m'Zimbabwe muno akaiona amadziwiratu kuti pakhomopo pagwa zovuta, safuna kuuzidwa. Kufiira kumeneko si kwa chikondi ngati ka pa Valentine ayi, ndi kwa chisoni, ndipo filimu yonse inatsamira pamenepo. Koma asanandipeze anakapatsa kaye wina wa laputopu amene anangoponyapo LUT (fayilo yokonzeratu yosinthira mitundu) ya teal (buluu wobiriwirira) ndi orange yotenga pa intaneti. Nsalu ija inasanduka yabulawuni, khungu la agogo olira pa siwa kuchita kuwala olenji, zonse kuoneka ngati malonda a zakumwa. Choipitsitsa, mafayilo oyambirira anafufuta kuti apeze malo pa hard drive. Anatsala ndi kopi yopanikiza ya 8-bit, imene mtundu uliwonse uli ndi masitepe 256 okha pomwe 10-bit ili ndi 1024, ukangoikoka pang'ono imasweka mizeremizere. Ndinayesetsa, kufiira kuja sikunabwerere.

Chenjerani nawo akamberembere amenewa. DaVinci Resolve, pulogalamu yokonzera mitundu, ilipo yaulere, aliyense atha kuiika pa kompyuta, koma zimenezo sizikutanthauza kuti waidziwa ntchito. Musanamulipire wokonza mitundu dola ngakhale imodzi muuzeni akuonetseni khungu lakuda limene anakonzapo, makamaka la usiku, osati mitambo ndi dzuwa likulowa. Akamazemba, thawani. Ndipo wa mitundu muzimuitana musanayatse kamera, osati kutatsala sabata kuti filimu ionetsedwe, mafayilo oyambirirawo chonde musawafufute.