Kompyuta siiona pansi pa nthaka: zomwe AI ikuchitadi m'migodi

Mu Febuluwale 2024, kampani ya ku America yotchedwa KoBold Metals idalengeza kuti ku Mingomba, pafupi ndi Chililabombwe m'chigawo cha Copperbelt ku Zambia, kuli kopa wambiri komanso wabwino kuposa yemwe wapezeka m'dzikolo kwa zaka zambirimbiri. Nkhaniyi idawanda msanga, makamaka chifukwa cha momwe idakambidwira: akuti AI, luso la makompyuta lotsanzira nzeru za munthu, ndiyo yapeza mgodi. Poti kumbuyo kwa kampaniyi kuli ndalama za anthu ngati Bill Gates ndi Jeff Bezos, ambiri adangoti basi, kwabwera makina otha kuona zomwe zili pansi pa nthaka.

Makina oterewo kulibe. Ife a ntchito ya miyala timadziwa kuti njira yotsimikizira zomwe zili pansi ikadali imodzi yomweyo, kuboola. Makina oboolera amalowetsa mipope pansi n'kutulutsa mwala wautali wobulungira womwe timautcha core. Timauyala m'mabokosi motsatira kuya kwake, timalemba zomwe tikuona, kenako timaudula pakati: theka limapita ku labotale, theka timasunga. Mwala wa ku Mingomba uli pansi kupitirira kilomita imodzi. Dzenje limodzi lakuya chonchi limadya masabata ambiri ndi ndalama zoti mukazimva mungagwire pakamwa, ndipo likaphonya, ndalamazo zapita. Nchifukwa chake funso lomwe limasowetsa tulo aliyense wofufuza miyala ndi lakuti: dzenje lotsatira tiboole pati?

Apa ndi pomwe AI imalowerera. Tisanaboole timakhala tili kale ndi zizindikiro zambiri, koma chilichonse pachokha n'chofooka. Ndege youluka mmunsimmunsi imayeza mphamvu ya maginito ya miyala. Zida zina zimayeza kulemera kwa miyala yapansi, zina momwe magetsi amadutsira m'nthaka. Pali zotsatira za dothi lomwe lidatengedwa kuti likapimidwe, zithunzi za setilaiti, mapu akale ndi malipoti a anthu omwe adayenda m'tchiremo kalekale. Katswiri, ngakhale akhale wodziwa bwanji, amatha kuyerekeza zinthu zitatu kapena zinayi nthawi imodzi, kenako mutu umakula. Pulogalamu ya kompyuta imatha kusanjikiza zonsezi, n'kuziyerekeza ndi malo omwe kopa adapezeka kale, n'kunena kuti pano mwayi ndi wokulirapo kuposa apo.

Taonani kuti ndati mwayi. Pulogalamu yabwino sinena kuti kopa ali apa. Imajambula maonekedwe masauzande a momwe mwalawo ungakhalire pansipo, onse ogwirizana ndi zomwe tikudziwa, kenako imaloza pomwe dzenje limodzi lingachotse chikaiko chochuluka. Dzenjelo likaboolewa, zotsatira zake zimalowetsedwa, maonekedwe osagwirizana nazo amatayidwa, ndipo ntchito imayambiranso. Phindu lake ndi lakuti maenje ophonya amachepa. N'chinthu chachikulu ndithu, koma si matsenga.

Ndipo pali mbali ina yomwe mitu ya nkhani idailumpha. Kopa wa ku Mingomba sadali wachilendo. Malowa ankadziwika kale ngati mbali ya mgodi wa Lubambe, ndipo makampani ena adali ataboolapo kale n'kupeza kopa. Zomwe KoBold idachita, italonjeza mu Disembala 2022 kuti iikamo ndalama zokwana madola 150 miliyoni a ku America, ndi kusonyeza kukula kwake ndi pomwe mwala wonona wagona. Kampaniyi imati mwalawo uli ndi kopa wokwana pafupifupi 5 peresenti, kutanthauza makilogalamu 50 pa tani iliyonse, pomwe migodi ikuluikulu yambiri pa dziko lapansi ikukumba mwala wosafika ndi 1 peresenti yomwe. Boma la Zambia lili ndi gawo lake m'ntchitoyi kudzera m'kampani ya ZCCM-IH, yomwe mwini wake wamkulu ndi bomalo.

Chomwe chimandisangalatsa ine pa nkhani yonseyi ndi mapepala. Ntchito ina yaikulu yomwe KoBold idagwira ku Zambia idali yojambula zithunzi za mapu ndi malipoti akale omwe adangounjikana m'nkhokwe za boma, ena olembedwa pamanja m'nthawi ya atsamunda, kuti kompyuta ithe kuwawerenga. Nzeru zomwe anthu akuti n'zatsopanozi zikudya thukuta la anthu omwe ambiri mwa iwo adatisiya kale. Apa pomwe palinso kufooka kwake. Ngati wolemba uja adasokoneza kuya kwa dzenje, kapena adatchula mwala dzina lolakwika, pulogalamu imameza cholakwikacho osatafuna, ndipo yankho limatuluka looneka bwino pa kompyuta. Ufa ukakhala wovunda, ngakhale mphika ukhale watsopano, nsima imanunkha ndithu. Komanso pulogalamuyi imaphunzira kuchokera ku migodi yomwe idapezeka kale, ndiye imakonda kuloza zinthu zofanana ndi zomwe tikudziwa. Chachilendo chenicheni chikhoza kuidutsa.

Malawi naye ali ndi nkhokwe yotere. Kauniuni uja, yemwe ndege zidayeza dziko lonse ndipo zotsatira zake zidatulutsidwa mu 2015 mothandizidwa ndi World Bank ndi European Union, adasiya manambala ochuluka m'manja mwa nthambi ya boma ya Geological Survey ku Zomba. Anthu ambiri adakhumudwa poti ankayembekezera kumva kuti golide ali paphiri lakuti. Kauniuni sakadatha kunena zimenezo. Zomwe adasiya ndi chakudya chenicheni cha mapulogalamu omwe tikukambawa, ndipo mtengo wake ukukwera pomwe makompyuta akunka nachenjera. Koma tisaiwale kuti rutile wa ku Kasiya, mwala womwe amachotsamo chitsulo cha titanium, yemwe adakopa kampani yaikulu ya migodi ya Rio Tinto kugula gawo m'kampani ya Sovereign Metals mu 2023, adatsatidwa kwambiri ndi zoboolera zopukusa pamanja, chifukwa ali pafupi ndi pamwamba. Si paliponse pomwe pamafunika AI.

Mgodi ukatsegulidwa, nkhani imasintha. Zambiri zomwe zimatchedwa AI kumeneko ndi makina odziyendetsa okha, ndipo kuti muwaone bwino muyenera kupita ku Pilbara, kumadzulo kwa Australia, komwe amakumba mwala wa chitsulo. Rio Tinto idayamba kuyesa malole akuluakulu opanda dalaivala kumeneko mu 2008, pogwiritsa ntchito makina a Komatsu. Lole iliyonse imanyamula matani oposa 200. Imadziwa pomwe ili kudzera mu GPS yolondola kwambiri, imaona zotchinga njira ndi radar komanso laser, ndipo kompyuta yaikulu ndiyo imaiuza kokanyamula ndi kokakhuthula. Ikaona chinthu chomwe sikuchimvetsa, imaima. Oyang'anira ntchito yonseyi amakhala mumzinda wa Perth, makilomita pafupifupi 1,500 kuchokera pamgodi.

Mu Julaye 2018 Rio Tinto yomweyi idayendetsa sitima yopanda woyendetsa yonyamula matani 28,000 kuchokera ku Tom Price kukafika kudoko la Cape Lambert, mtunda wa makilomita 280. Masiku ano sitima zake za ku Pilbara, zina zotalika makilomita 2.4, zimayenda chonchi tsiku ndi tsiku.

Phindu lake silichokera ku liwiro, chifukwa malolewa sathamanga kuposa oyendetsedwa ndi munthu. Limachokera ku kusaima. Sapita kukadya, sadikira kusinthana mashifiti, sawodzera m'bandakucha, ndipo poti amayenda mofanana nthawi zonse, matayala ndi mabuleki amakhalitsa. Rio Tinto idanena kuti mu 2017 lole iliyonse yodziyendetsa idagwira ntchito maola pafupifupi 700 kuposa inzake ya dalaivala, ndipo mtengo wonyamulira mwala udatsika ndi pafupifupi 15 peresenti. Za chitetezo nazo n'zoona: munthu yemwe mulibe m'dzenjemo sangagweredwe ndi mwala.

Nanga ntchito za anthu? Pano sindifuna kukupakani mafuta. Makampani amakonda kunena kuti ntchito sizitha koma zimangosintha, ndipo mbali ina akunena zoona, chifukwa pamafunika okonza masensa, osamala netiweki ndi owerenga manambala. Koma ntchito zatsopanozo n'zochepa poyerekeza ndi za madalaivala, zimafuna sukulu yokulirapo, ndipo zambiri sizikhala pamgodi. Ku Australia, ntchito ikachoka ku Pilbara kupita ku Perth, malipiro ndi msonkho zimatsalabe m'dziko lomwelo. Kumaiko omwe mwini mgodi ndi wakunja, chipinda choyang'anirira chikhoza kukhala kutsidya kwa nyanja. Komabe makinawa safika paliponse msanga. Ku Pilbara amapindula chifukwa malipiro a dalaivala ndi okwera kwambiri, ogwira ntchito amachita kunyamulidwa pa ndege, ndipo migodi ndi yaikulu zedi. Pamafunikanso misewu ya m'mgodi yosamalidwa bwino, netiweki yosadukaduka ndi magetsi odalirika. Pomwe izi palibe ndipo malipiro ndi otsika, masamu ake sagwirizana. Ngakhale zili choncho, boma likamakambirana mgwirizano wa mgodi womwe ukhale zaka 25, ndi bwino kufunsiratu kuti ntchito zomwe zikulonjezedwa m'chaka choyamba zidzakhalapobe m'chaka cha khumi.

Pali ntchito zina zomwe sizimveka kwambiri koma zimabweza ndalama msanga. Masensa omangirira pa injini kapena pa chigayo chophwanyira miyala amamva kunjenjemera ndi kutentha, ndipo pulogalamu imachenjeza kuti beringi yatsala pang'ono kufa, amakaniko n'kuisintha isanaimitse fakitale yonse. Ku mgodi wa Karowe ku Botswana, miyala imadutsa pa lamba pansi pa X-ray, kompyuta imazindikira dayamondi, mpweya n'kuikankhira pambali isanalowe m'makina ena ophwanya. Umu ndi momwe adapulumutsira dayamondi yotchedwa Lesedi La Rona ya makarati 1,109 mu 2015, komanso ina ya makarati 2,492 mu 2024.

Komwe manambala amakhudza moyo wa anthu wamba mwachindunji ndi ku madamu a zinyalala za m'mgodi. Mwala ukaphwanyidwa n'kuchotsamo chofunikacho, chotsala ndi matope osakanikirana ndi mankhwala, ndipo amasungidwa kuseri kwa khoma lomwe nthawi zambiri limamangidwa ndi matope omwewo. Pa 25 Januwale 2019 damu lotere la kampani ya Vale lidaphulika ku Brumadinho m'dziko la Brazil, n'kupha anthu 270. Damulo lidali ndi zida zoyezera madzi m'kati mwa khoma, ndipo miyezi yochepa m'mbuyomo lidali litapatsidwa chikalata chakuti ndi lolimba. Mu Febuluwale 2025 damu la kampani ya Sino-Metals Leach pafupi ndi Chambishi ku Zambia lidagumuka, madzi a asidi n'kulowa mumtsinje wa Mwambashi mpaka mu Kafue. Nsomba zidafa, mbewu zidapserera, ndipo mzinda wa Kitwe udatsekeredwa madzi a m'mipope.

Luso lowunikira madamuwa lilipo. Setilaiti ya radar imatha kuona khoma likusuntha ndi mamilimita ochepa chabe, masensa amatumiza kuchuluka kwa madzi ola lililonse, ndipo pulogalamu imatha kuzindikira kusintha komwe diso la munthu silingaone pakati pa manambala ambirimbiri. Si kugumuka kulikonse komwe kumachenjeza, koma kwambiri kumatero. Vuto lagona pakuti manambalawo amathera pa kompyuta ya ndani, ndipo iyeyo ali ndi mphamvu zoimitsa ntchito kapena ayi. Injiniya akhoza kuona chenjezo, koma kuimitsa fakitale tsiku limodzi ndi ndalama zambiri, ndipo wolamula ndi wina.

Ngozi ya ku Brumadinho itachitika, mu Ogasiti 2020 mudakhazikitsidwa muyezo wa dziko lonse lapansi wa kasamalidwe ka madamuwa, womwe mwa zina umafuna kuti kampani izitulutsa poyera zokhudza chitetezo cha damu lililonse, kuti okhala kumunsi kwake adziwe. Makampani akuluakulu omwe ali m'bungwe la makampani a migodi la ICMM adalonjeza kuutsata. Kampani yomwe siili m'bungwelo siikakamizidwa, pokhapokha malamulo a dzikolo kapena oibwereka ndalama atalamula kuti itero.