Chimene chimang'alula sefa ya utsi wa dizilo

Galimoto za dizilo zopangidwira ku Ulaya kuyambira pamene lamulo lochepetsa utsi woipa la Euro 5 linayamba mu 2009 zimabwera ndi sefa yogwira mwaye, yotchedwa DPF, pa paipi ya utsi. Mukaidula pakati mupeza timipata tangati ta chisa cha njuchi, 200 mpaka 300 pa sikweya inchi imodzi. Kena n'kotseka kutsogolo, koyandikana nako n'kotseka kumbuyo. Utsi ukalowa ulibe kotulukira, umangodutsa m'khoma lochindikala pafupifupi mamilimita 0.3.

Pafupifupi theka la khomalo ndi timabowo tokhatokha, ta ma micron 10 mpaka 20 (milimita imodzi ndi ma micron 1,000). Mpweya umadutsa, mwaye n'kutsalira. Timabowo tikakula, mwaye umapulumuka. Tikachepa, injini imabanika. Sefa yabwino imagwira mwaye woposa magawo 95 pa 100 alionse.

Mwayewo uyenera kuwotchedwa, ndipo umayaka pa madigiri pafupifupi 600. Apa ndi pamene chopangira sefa chimadziwika mphamvu zake.

Chimodzi mwa zopangira sefa ndi cordierite, amene amapangidwa powotcha dongo la kaolin, talc ndi alumina. Ndi wotchipa, wopepuka, ndipo safufuma kwenikweni akatentha, n'chifukwa chake amaumbidwa wathunthu. Vuto lake ndi lakuti safalitsa kutentha msanga. Moto ukabuka pamalo amodzi umakhala pomwepo, ndipo amasungunuka pa madigiri pafupifupi 1,450, kapena asanafike apo ngati wadzaza phulusa.

Chopangira china ndi silicon carbide, amene anaikidwa mu sefa ya galimoto ya Peugeot 607 mu 2000. Ameneyu amapirira madigiri oposa 2,000 ndipo amamwaza kutentha mwachangu. Koma amafufuma kwambiri. Opanga amamuumba m'timidadada n'kutimata ndi simenti yapadera yolola kuti kalikonse kafufume pakokha. Mukaona mizere yopingasana pankhope ya sefa, dziwani kuti ndi ameneyu. Palinso aluminium titanate, wokhala pakati pa awiriwa.

Nanga sefa imang'aluka bwanji? Kawirikawiri si kutentha pakokha ayi, koma kusiyana kwa kutentha pakati ndi m'mphepete mwake. Nthawi yoopsa ndi iyi: mwaye wayamba kuyaka, dalaivala waima, injini ikungolira pansipansi. Utsi uli ndi okosijeni wambiri wokolezera moto, koma mpweya wochotsa kutentha wachepa. Kumbuyo kwa sefa kumatha kupitirira madigiri 1,000 m'mphepete mukadali mozizirirapo. Mwaye ukachuluka moto umakulanso, choncho kukakamiza kuwotcha ndi kompyuta sefa itadzaziratu ndi kuika pachiswe galimoto. Makaniko ayambe waona kuchuluka kwa mwaye.

Galimoto yongozungulira m'tauni, kaya mu Lilongwe kapena mu Blantyre, siitenthetsa sefa mokwanira kuti mwaye upse. Nyali ya DPF ikayaka, iyendetseni pamsewu waukulu mphindi 15 mpaka 20 osaima, injini ikuzungulira kopitirira ka 2,000 pa mphindi.

Phulusa ndi nkhani ina, chifukwa silipsa. Limachokera ku calcium, zinc ndi phosphorus wa mu oyilo, ndipo limaunjikana kumapeto kwa timipata. Thirani oyilo wosiya phulusa lochepa, wa gulu la ACEA C, amene buku la galimotoyo lanena. Sefa ikadzaza phulusa ichotsedwe, itsukidwe ndi makina ake kuchokera kumbuyo. Kuitokosa ndi waya kumaboola makoma, ndipo khoma likabooka palibe kumata. Mwaye wakuda kukamwa kwa paipi ya utsi ndi chizindikiro chakuti sefa yang'aluka kale.