Kupeza schema m'khodi yopangidwa ndi chida: mafunso ndi mayankho

Tinene kuti muli ku Mangochi ndipo mukulemba pulogalamu ya pafoni yolembera nsomba zofika padoko, kaya ku Makawa kapena ku Monkey Bay. Uthenga uliwonse ukunena mtundu wa nsomba (usipa, utaka, chambo), kuchuluka kwake ndi dzina la doko. Ndondomeko yonena magawo amenewa ndi mtundu wa chilichonse ndiyo schema. Mu Avro ndi Protocol Buffers, njira ziwiri zosungira ndi kutumiza mauthenga otere, chida chimawerenga schema n'kukupangirani khodi.

Kodi chida chikapanga khodi, schema imatsalira kunja?

Ayi, imalowa m'khodi momwemo. Mu Avro, imene schema yake imalembedwa mu JSON m'fayilo ya .avsc, class ya Java yopangidwayo (tiitche Nsomba) imakhala ndi SCHEMA$, momwe mumakhala schemayo. Mukaitana Nsomba.getClassSchema() mumailandira yonse, ndipo uthenga umene uli kale m'manja mumaufunsa ndi getSchema(). Mu Protocol Buffers (mwachidule Protobuf), imene Google inaitsegulira aliyense mu 2008, protoc, chida chake chopangira khodi, imawerenga fayilo ya .proto n'kusiya descriptor (kafotokozedwe ka schemayo) m'khodi: Nsomba.getDescriptor() mu Java, Nsomba.DESCRIPTOR mu Python. Pamenepo mumaona dzina, nambala ndi mtundu wa gawo lililonse.

Bwanji ndingokopera fayilo ya schema n'kumaiwerenga payokha?

Chonde musatero. Mnzanu akadzawonjezera gawo la mtengo wa nsomba n'kupanganso khodi, fayilo yanu idzatsalira m'mbuyo popanda wokuuzani. Imene ili m'khodi imasintha limodzi ndi khodiyo.

Nanga pa Android getDescriptor() sindikuipeza bwanji?

Mwina mukugwiritsa ntchito protobuf-javalite, mtundu wopepuka wa Protobuf ya Java. Anachotsamo ma descriptor dala kuti pulogalamu ipepuke, zomwe n'zothandiza pa foni za malo ochepa. Ntchito yofufuza magawo isiyireni seva.

Kodi schema ya m'khodi yanga ingawerenge uthenga uliwonse wobwera?

Apa m'pamene ambiri amagwa. Schema ya m'khodi yanu ndi ya wowerenga, si ya wolemba. Wolemba nsomba ku Makanjira, kumene netiweki imavuta, atha kukhala ndi pulogalamu yakale miyezi ingapo. Avro silemba mayina kapena manambala a magawo mu uthenga. Imangondandalika zinthuzo motsatana. Ndiye mukawerenga uthenga wakale ndi schema yatsopano yokha, pulogalamu itha kugwa, kapena, choipa koposa, kuchuluka kwa usipa kutha kulowa pamalo pa mtengo inu osazindikira. Wowerenga amafunika schema zonse ziwiri, kenako Avro imazigwirizanitsa potsata mayina a magawo. Gawo latsopano mulipatse default (chimene chizilowa pamalopo uthenga ukakhala wopanda gawolo) kuti mauthenga akale asakanidwe. Mafayilo a .avro amanyamula schema ya wolemba kumutu kwake, koma mauthenga otumizidwa umodziumodzi alibe. Choncho sungani schema zonse zakale pa seva, ndipo uthenga uzibwera ndi chizindikiro chonena imene inaulemba.

Protobuf ilibe vuto lomwelo chifukwa gawo lililonse limayenda ndi nambala yake. Koma nambala ya gawo lochotsedwa musaiperekenso kwa lina. Ilembeni kuti reserved.

Kodi ndemanga zimene ndinalemba mu schema ndizipezamo?

Mu Avro, zolembedwa mu doc zimakhalamo. Mu Protobuf, descriptor ya m'khodi ilibe ndemanga. Mukazifuna, uzani protoc itulutse fayilo yapadera ndi --descriptor_set_out pamodzi ndi --include_source_info.