Chithunzi cha impela yathunthu si umboni woti pampu yonse yayesedwa

Ndatopa kumva makomiti a ulimi wothirira kuno ku Salima akunena kuti pampu yawo inayesedwa pa kompyuta, chonsecho chimene anaonetsedwa ndi chithunzi chamawangamawanga cha impela, gudumu la mapiko lokankha madzi m'kati mwa pampu, ikuzungulira. Kawirikawiri chimene chawerengedwa ndi mpata umodzi wokha wa pakati pa mapiko awiri. Popeza mapiko onse ndi ofanana, mapulogalamu monga Ansys TurboGrid amaluka ukonde wa timagawo, umene timautcha mesh, pa mpata umodziwo, ndipo impela ikakhala ya mapiko 6, mpatawo ndi madigiri 60 mwa 360. Mipata 5 yotsalayo pulogalamu imangoijambula mobwereza mozungulira shafiti, chitsulo chozungulitsa impela, kuti maso akhutire, koma mulibe chiwerengero chatsopano ngakhale chimodzi.

Njirayi payokha si chinyengo, chifukwa imapeputsira kompyuta ntchito. Vuto limabwera pamene wogwiritsa ntchitoyo wanyengedwa ndi chithunzi chake chomwe.

Lipoti lina limene komiti ina ya ku Nkhotakota inandibweretsera limandiwawabe mumtima. Pampuyo inkayenera kukoka malita 30 pa sekondi, zimene zikutanthauza malita 5 pa mpata uliwonse, koma mnyamata amene analembedwa ganyuyo analowetsa malita 30 onsewo mu mpata umodzi, poganiza kuti impela yonse imene ankaiona inali m'chiwerengero. Kompyuta siikana, inamuwerengera pampu yonyamula malita 180, ndipo mphamvu yopotokola shafiti, imene anayenera kuichulukitsa ka 6, anaisiya momwemo. Alimi anagula mota potengera pepala limenelo, ndalama zake zosonkherana atagulitsa mpunga.

Palinso chigoba chimene impela imakhalamo, chopindika ngati cha nkhono. Chimenechi si chofanana mbali zonse, chili ndi kalilime kamodzi pafupi ndi potulukira madzi, ndipo phiko lililonse likamadutsa pamenepo mphamvu ya madzi imasintha. Kunjenjemera kumene kumadya mabering'i nthawi zina kumachokera pomwepo, ndipo mpata umodzi wobwerezedwa sungakuonetseni zimenezo.

Musanalipire munthu aliyense wobwera ndi laputopu, mufunseni kuti wawerenga mipata ingati, madzi anawagawa bwanji, ndiponso ngati chigobacho chilimo. Akakuyankhani pongotembenuza chithunzi kuti muone kukongola kwake, musasaine kanthu. Ngati pampu yayamba kale kunjenjemera, itanani katswiri tsopano, osadikira mwezi wa Okutobala pamene chimanga cha kudimba chikufuna madzi tsiku ndi tsiku.