Asilikali a Byzantium sanathere pa Manzikert

Kwa nthawi yaitali anthu akhala akunena kuti gulu lankhondo la Byzantium (ufumu wa Roma wakum'mawa) linatheratu pa nkhondo yolimbana ndi Aseljuk (mtundu wa Aturuki) ku mzinda wa Manzikert mu 1071, n'chifukwa chake dera la Anatolia (mbali yaikulu ya dziko la Turkey lamasiku ano) linagwa m'manja mwa Aseljuk. Zoona zake si zimenezo ayi.

Dzuwa litapendeka tsiku la nkhondoyo, mfumu ya Byzantium, Romanos IV Diogenes, inalamula asilikali kuti abwerere kumsasa. Andronikos Doukas, yemwe ankatsogolera gulu lakumbuyo, m'malo moteteza mfumu anangochoka ndi anthu ake. Romanos anazingidwa, anavulala dzanja, n'kugwidwa. Koma asilikali ambiri anapulumuka, ndipo gulu lina lalikulu lomwe linatumizidwa ku mzinda wa Khliat silinamenye nawo n'komwe. Alp Arslan, mfumu ya Aseljuk, anachita pangano la mtendere ndi Romanos n'kumumasula patangotha pafupifupi sabata imodzi.

Chimene chinataya Anatolia, ndipo n'chomvetsa chisoni, ndi kudyana kwa eni ake okhaokha. A banja la Doukas analanda mpando, mu 1072 anamuchititsa khungu Romanos, ndipo pangano lake ndi Alp Arslan linafera pomwepo. Zaka khumi zotsatira akuluakulu ankhondo ankalimbirana ufumu, ena n'kumalemba ganyu Aseljuk omwewo ndi kuwalowetsa okha m'mizinda ngati Nicaea.