Galimoto yamagetsi itchajeni dzuwa lili paliwombo

Mwezi watha bambo wina wa ku Mufakose, muno mu Harare, anandiimbira foni m'mamawa. "Achimwene, sola munatiikira ija yafa. Tadzuka mumdima, firiji yazima." Nditafika ndinapeza kuti mapanelo ndi inverter (makina osintha magetsi a sola kuti agwire ntchito m'nyumba) zili bwinobwino. Mwana wawo anali atabwera ndi galimoto yamagetsi ya Nissan Leaf yochokera ku Japan, ndipo madzulo, magetsi a ZESA, kampani ya boma ya magetsi, atazima, anailumikiza pa soketi ya kukhitchini ndi chingwe cha extension. Batire ya nyumba inatha anthu asanagone n'komwe. Pulagi inali itasungunuka mbali imodzi, ikununkha ngati tayala lopsa.

Sindinawadzudzule, chifukwa palibe anawauzapo kuti galimotoyi imadya bwanji. Tiyeni tiwerengere ndi mayuniti omwe aja timagula pa tokeni ya ZESA, poti yuniti imodzi ndiyo kWh imodzi. Batire ya lithium imene timaika m'nyumba zambiri muno mu Harare imasunga mayuniti pafupifupi 5. Leaf yakale imasunga 24, ndipo imene inatuluka mu 2017 imasunga 40. Kutchaja galimoto ndi batire ya nyumba kuli ngati kudzaza mgolo ndi madzi a mu ndowa imodzi: ndowa yauma, mgolo sunafike n'pakati pomwe.

Komatu musachite mantha ndi 40 ameneyo. Simudzaza batire yonse tsiku lililonse, mumangobwezera zimene mwayendera. Galimoto yaing'ono imadya mayuniti 15 mpaka 20 pa makilomita 100. Munthu wokhala ku Chitungwiza amene amagwira ntchito m'tauni amayenda makilomita 50 kapena 60 kupita ndi kubwerera, ndiye kuti mayuniti ngati 10. Panelo imodzi ya 550W, ikayang'ana kumpoto popanda mthunzi wa mtengo, imatulutsa mayuniti awiri ndi pang'ono patsiku. Choncho mapanelo asanu owonjezera, a galimoto yokha, angakwanire ulendo umenewu. Ndikuti owonjezera, osati omwe aja akuyendetsa kale firiji ndi pampu ya borehole. Mu January ndi February mitambo imachepetsa mphamvu, ndipo mu September fumbi limakuta galasi, ndiye muzitsuka.

Vuto lenileni ndi nthawi. Dzuwa limagwira ntchito yake kuyambira cha m'ma 9 koloko mpaka 3 koloko masana, nthawi imene galimoto ili kuntchito. Apa ndiye pamene ndimakhala pansi ndi kasitomala tisanagule waya ngakhale umodzi. Ngati galimoto imaswera pakhomo, kapena mumagwira ntchito usiku, mwapata. Ngati muli ndi shopu kapena garaja, ikani mapanelo kumeneko, galimoto izidya dzuwa inu mukugwira ntchito. Ena amadzaza Loweruka ndi Lamlungu n'kumawonjezera pang'onopang'ono mkati mwa sabata. Palinso net metering, imene malamulo a 2018 analola: masana mumatumiza magetsi otsala ku ZETDC, nthambi ya ZESA yogawa magetsi, usiku n'kuwatenganso. Koma imathandiza pokhapokha magetsi a ZESA akayaka, ndipo amene tinaona mdima wa 2019 ndi wa kumapeto kwa 2022, madzi atatsika ku damu lopangira magetsi la Kariba, tikudziwa kuti pamenepo sipotsamira thupi lonse.

Za soketi ndilankhula mosabisa, chifukwa ndi pamene nyumba zimapsera. Soketi yathu ya mano atatu ndi ya 13A. Ketulo imakoka mphamvu yambiri koma kwa mphindi zitatu basi. Galimoto imakoka 10A, pafupifupi 2.3kW, kwa maola asanu kapena khumi osapuma, ndipo sikulu iliyonse yolendewera mkati mwa soketi imayamba kutentha. Extension ayi ndithu. Galimoto ikhale ndi waya wakewake wochokera pa DB board (bokosi logawa magetsi m'nyumba), breaker yake, earth leakage (chozimitsa magetsi akayamba kutayikira), ndi earth (waya wopita m'nthaka) yoyezedwa ndi mita, osati yongoyang'ana ndi maso. Ngati inverter yanu ndi ya 5kVA, kumbukirani kuti galimoto yatenga kale theka, ndiye giza ndi ayironi zidikire.

Musanalipire galimoto, tsegulani kachitseko kotchajira muone mabowo. Leaf ya ku Japan ili ndi Type 1 yotchajira pang'onopang'ono ndi CHAdeMO yotchajira mwamsanga. Za ku Ulaya ndi South Africa zimakhala ndi Type 2 ndi CCS2, ndipo zambiri zochokera ku China zili ndi GB/T. Sizilowana. Werenganinso zolembedwa pa chingwe chobwera ndi galimoto, chifukwa cha ku Japan chinapangidwira 100V kapena 200V, pamene athu ndi 230V. Za Toyota Aqua ndi Honda Fit ya hybrid zadzaza m'misewuzi, zimenezo sizitchajidwa pakhoma, zimamwa petulo basi.

Ku Mufakose kuja tinawonjezera mapanelo asanu, tinakoka waya wina mpaka pakhonde, n'kuikapo timer yoyatsa 9 koloko ndi kuzimitsa 3 koloko. Mwana uja amagwira ntchito usiku, ndiye masana iye ali mtulo, galimoto ili pa chingwe. Pulagi yosungunuka ija ndinaipempha, ndimayenda nayo m'bokosi la zida kuti ndizionetsa aliyense wondifunsa ngati extension ingakwanire.