Bokosi ndi chipepeso si chipukuta misozi cha wozimitsa moto

Pali mawu amene ndatopa nawo kuwamva kuchokera kwa anamfedwa: "Akuntchito anatithandiza kale." Ukafunsa kuti anathandiza chiyani, amatchula bokosi, galimoto yopititsa maliro kumudzi, matumba awiri a ufa ndi envelopu ya chipepeso imene abwana anapereka pasiwa. Zonsezo n'zabwino ndipo tizithokoza. Koma munthu amene wafa akuzimitsa moto, kaya anali wa khonsolo ya mzinda wa Blantyre, Lilongwe, Mzuzu kapena Zomba, kaya wa pabwalo la ndege, kaya wa kampani yoteteza nkhalango ku Chikangawa, amasiyira banja lake ndalama zimene lamulo linakhazikitsa. Ndalama zimenezo sizidalira mtima wa bwana, ndipo ufa wa pamaliro suzichepetsa ngakhale ndi tambala imodzi.

Choyamba ndi chipukuta misozi cha lamulo la Workers' Compensation Act la 2000. Wantchito akafa chifukwa cha ngozi yochitika pa ntchito, anthu amene ankadalira malipiro ake pa zonse amayenera kulandira malipiro ake a pamwezi kuchulukitsa ka 42. Tiyerekeze kuti malemu ankalandira K300,000 pamwezi: ndiye kuti tikunena za K12,600,000. Simufunika kutsimikiza kuti khonsolo kapena kampani inalakwitsa penapake, kuti payipi inali yobooka kapena kuti chipewa chinali chakutha. Chofunika n'chakuti imfayo inachokera pa ntchitoyo. Nkhani yake imayambira ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu, ija timangoti kuleba, n'kupita kwa komishonala woona za chipukuta misozi ku Unduna wa Zantchito. Akakuuzani chiwerengero, funsani kuti achulukitsa ndalama iti, ndipo muyerekeze ndi pesilipi yomaliza ya malemu. Kalembera akalakwitsa ndi K20,000 yokha pa malipiro a pamwezi, banja lataya K840,000.

Penshoni ili payokha. Kuyambira pa lamulo la penshoni la 2011, limene linalowedwa m'malo ndi la 2023, olemba ntchito amasonkha ndalama zosachepera 10 pa 100 iliyonse ya malipiro, wantchito n'kumadulidwa 5 pa 100. Zonsezo pamodzi ndi phindu lake n'za banja. Lamulo lomwelo limalamula olemba ntchito kugulira wantchito inshuwalansi ya moyo yosachepera malipiro ake a chaka chathunthu, ndiye pa chitsanzo chathu chija pali K3,600,000 ina. Inshuwalansi imeneyi ndi imene mabanja ambiri sadziwa n'komwe kuti ilipo. Kulandira chimodzi mwa zitatuzi sikutseka zinazo, ndipo munthu wa ku ofesi akakuuzani kuti "zonse zili m'cheke chomwechi", mupempheni alembe papepala kuti ya penshoni ndi zingati, ya inshuwalansi ndi zingati, chipukuta misozi ndi zingati.

Tsopano ndifike pamene pamandisowetsa mtendere. Munthu amene denga lamugwera pamoto, kapena amene wafa galimoto yozimitsira moto itagubuduka pothamangira kumsika woyaka, nkhani yake siivuta kwenikweni. Aliyense anaona, apolisi analemba. Amene banja lake limaluza ndi uja anatuluka pamoto akuyenda yekha, anathandiza anzake kupinda mapayipi, n'kupita kunyumba. Usiku mutu ukumuwawa, akutsokomola makhololo akuda ngati mwaye, mawu asasa, tsitsi la m'mphuno linawauka. Akuti ndi utsi chabe, mawa ndikhala bwino, wamwa Panado wagona. Mkucha wake akubanika, amuthamangitsira kuchipatala, wamwalira. Pa kalata ya kuchipatala palembedwa chibayo kapena kuti mtima unaima. Mawu oti moto palibe paliponse.

Utsi wa nyumba yoyaka suli ngati wa nkhuni za pamafuwa. Muli mpweya wa carbon monoxide umene umakakamira m'magazi pamalo pamene pamayenera kukhala mpweya wabwino, ndipo matiresi, mipando ya siponji ndi mapulasitiki zikamayaka zimatulutsanso poizoni wa cyanide. Kutentha ndi mwaye zimapweteka njira ya mpweya ndi mapapo, koma kutupa kwake kumakula pang'onopang'ono, tsiku limodzi kapena awiri. Mtima nawo umavutika ndi kutentha, kulemera kwa zovala ndi kutha madzi m'thupi. Ku America, matenda a mtima a mwadzidzidzi ndi amene kwa zaka zambiri akhala akupha ozimitsa moto ochuluka pa ntchito kuposa kupsa kwenikweniko, mpaka mu 2003 anapanga lamulo lakuti wofa ndi mtima kapena sitiroko pasanathe maola 24 chichokereni pa ntchito yolemetsa ngati imeneyi aziwerengedwa kuti wafera pa ntchito. Limenelo ndi lamulo la kwawoko. Inu kuno konzekerani kubweretsa umboni wolumikiza imfayo ndi motowo, ndipo umboni umenewo umapezeka masiku oyambirira okha, thupi lisanaikidwe.

Choncho wozimitsa moto akadwala atangochoka pamoto, apite kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo womuperekeza anene momveka kwa dokotala kuti munthuyu anali pamoto wakuti, kwa maola akuti, n'kuonetsetsa kuti zalembedwa m'buku lake la kuchipatala. Zikavuta n'kumwalira, pemphani kuti thupi lipimidwe. Ndikudziwa kuti achibale ambiri safuna, amati musamuvutitse munthu wagona kale, ndiponso akumudzi amakhala akuimba foni kuti manda akumba. Ululu umenewo ndi weniweni. Komabe tsiku limodzi lochedwetsa maliro ndi limene lingasiyanitse ana ophunzira mpaka kumaliza ndi ana osiyira sukulu panjira. Mukaika m'manda, madzi atayika, ndipo saoleka.

Sabata yomweyo wina wa m'banja wodziwa kulemba apite kusiteshoni ya ozimitsa moto. Kumeneko kuli buku limene amalembamo nthawi imene foni inalira, galimoto imene inatuluka, mayina a amene anakwera ndi nthawi imene anabwerako. Pemphani kope la tsamba la tsikulo ndi ndandanda wa ogwira ntchito, lembaninso mayina a anzake awiri kapena atatu amene anali naye. Anthu amasamutsidwa, ena amapuma, mabuku amanyowa ndi mvula. Kenaka funsani funso limodzi ku ofesi yoona za antchito ya kuntchito kwa malemu: kodi ngoziyi mwaipereka kale kuleba? Ndi udindo wa olemba ntchito kutero, koma musakhale pansi n'kumakhulupirira. Pitani nokha kuleba mukaone ngati fayilo yatsegulidwa, mutenge nambala yake. Lamulo la chipukuta misozi lili ndi malire a nthawi yodandaulira, ndipo mabanja ambiri amadikira kumeta, kenaka kukolola, kenaka chiliza, n'kudzafika mochedwa. Mwezi woyamba usathe musanapondeko.

Mapepala ena onse ndi odziwika: kalata ya imfa ya ku National Registration Bureau, lipoti la apolisi, zitupa za unzika, makalata a kubadwa a ana ndi umboni wa ukwati. Ngati ukwati unali wa kwa ankhoswe chabe musataye mtima, pakuti lamulo la maukwati la 2015 limazindikira ukwati wa chikhalidwe, ndipo ankhoswe ndi amfumu akhoza kuikira umboni. Chilichonse chimene mwapereka ku ofesi, sungani kope lake lodindidwa tsiku limene analandira. Choyambirira chisachoke m'manja mwanu.

Za amene ayenera kulandira, pano mpamene mabanja amadanirana popanda chifukwa. Chipukuta misozi n'cha amene ankadalira malipiro a malemu: mkazi kapena mwamuna wake, ana, ndi makolo kapena abale amene ankawasamaladi. Si chuma choti mwinimbumba akhale nacho pansi pa mtengo n'kumagawa. Mwana wobadwa kwa mayi wina ndi mwana ndithu, ndipo kumubisa kumangochititsa kuti fayilo iime akadzatulukira. Penshoni ndi inshuwalansi zimatsata fomu imene malemu analembapo mayina a odzalandira. Inu amene mudakali pa ntchito, fomu imeneyo munaiona liti komaliza? Ambiri anailemba tsiku loyamba ntchito ali mbeta, n'kuikapo amayi awo ndi mchemwali, lero ali ndi ana anayi amene palibe pafomupo. Kuisintha ndi ntchito ya mphindi khumi. Ndipo achibale amene amathamangira makiyi a nyumba, khadi la kubanki ndi mapepala a malemu adziwe kuti lamulo la chuma cha masiye la 2011 linaika kulanda chuma cha masiye kukhala mlandu umene munthu amamangidwa nawo.

Otsala ndi madobadoba. Amamva msanga kuti pali mayi wamasiye amene akuyembekezera mamiliyoni, ndipo amafika atavala jekete, chikwama kukhwapa, akuti amadziwana ndi akuluakulu a ku Capital Hill. Amapempha ya thiransipoti, kenaka ya "kusuntha fayilo", kenaka amabweretsa pepala la Chingerezi loti musayine kuti ndalama zidzadzere kwa iwo. Ena ndi akatapira amene amakongoza namfedwa lero kuti adzabweze kawiri cheke chikatuluka. Kudandaula kuleba sikufuna mkhalapakati wolipidwa. Musasayine pepala limene simunalimve, makamaka lokhala ndi mawu oti mwalandira zonse ndipo simudzafunanso kanthu, ngakhale litachokera kuntchito kwa malemu. Litengeni, mukaliwerengetse kwa munthu wina, mubwere nalo mawa. Ndalama zilowe mu akaunti ya dzina lanu, osati ya mlamu.

Fayilo ikaima, pali makomo oti mugogode. Ngati mulibe ndalama za loya, Legal Aid Bureau inakhazikitsidwira anthu ngati inu. Ofesi ya boma kapena khonsolo ikamangokuuzani kuti bwerani mawa, kadandauleni kwa Ombudsman. Za penshoni ndi inshuwalansi zili ndi khomo lakelake: mukapeza kuti malemu ankadulidwa mwezi ndi mwezi koma ndalamazo sizinkafika ku kampani yosunga penshoni, kapena kuti inshuwalansi ya moyo sinagulidwe n'komwe, ngongoleyo ndi ya olemba ntchito, osati yanu. Pemphani sitetimenti ya penshoni ku kampaniyo, muiike pambali pa mapesilipi, mulembe miyezi imene ikusowa, ndipo mupite nazo kwa Registrar of Financial Institutions, amene amayang'anira makampani a penshoni ndi inshuwalansi, ku Reserve Bank of Malawi.